Buku lomwe timakhutchumula osaliwerenga

Sabata ino ndasiya ndakatulo ndi nthano pa shelefu. Ndabwera ndi kapepala konyowa kaja kamamatidwa pa botolo la mowa, komwe tonse timangoti lebulo. Ndikudziwa kuti ena mwakwinya kale nkhope, makamaka inu a kwaya ndi amayi a Mvano. Dekhani kaye, sindikukuitanirani ku bala ayi. Ndikufuna tiwerengere limodzi lemba lomwe limadutsa m'manja mwa anthu ambiri ku Ndirande, ku Bangwe, ku Chilomoni, ku Zingwangwa ndi ku Machinjiri kuposa buku lililonse lomwe wina wa ife anasindikizapo. Inu mukagulitsa makope ochepa a buku lanu mumavina ndi mwendo umodzi. Paketi ya Chibuku imagwiridwa tsiku ndi tsiku, ndi wophunzira ndi wosaphunzira yemwe. Nanga ndi angati mwa ife, amene timadzitcha owerenga, tinaikhalirapo pansi n'kufunsa ngati ikunena zoona?

Chandiputa ndi zithunzi za malebulo akale a mowa wa ku Russia zomwe ndinakumana nazo masiku apitawa. Kumeneko kuli anthu omwe amatolera timapepala timeneti n'kumatisunga m'maalubamu ngati masitampa, ndipo ukatiyala motsatira zaka, mbiri ya dziko lawo imaonekera poyera. Tengani mowa umodzi wokha. Mu 1881 mkulu wina wochokera ku Austria, Alfred von Vacano, anatsegula fakitale ya mowa mumzinda wa Samara, m'mbali mwa mtsinje wa Volga. Malebulo a nthawi ya mafumu imeneyo anali odzikometsera ngati mkwatibwi. Pankakhala chiwombankhanga cha mitu iwiri, mamendulo omwe mowawo unapata pa zionetsero, zilembo zopotanapotana, ndi dzina la mwini fakitale polembedwa moonekera kuti aliyense adziwe mwini chuma. Lebulo yotere inkanong'oneza wakumwa kuti: ukumwa mowa wa munthu wamkulu, nawenso dzimve ukulu.

Achikomyunizimu atalanda boma mu 1917, mafakitale anapita m'manja mwa boma, ndipo lebulo inavula suti. M'zaka za m'ma 1930 mowa wa ku Samara uja, womwe unkadziwika ndi dzina la mzinda wa Vienna, anaupatsa dzina la kwawo, Zhigulevskoye, kutengera mapiri a Zhiguli omwe ali pafupi ndi Samara. Kenako mafakitale mazanamazana m'dziko lonse la Soviet Union anayamba kufulula mowa wa dzina lomwelo motsatira muyezo umodzi wa boma. Lebulo yake kawirikawiri inali kachidutswa kooneka ngati mwezi wongokhala kumene, komatidwa pakhosi pa botolo, pepala lotchipa, mitundu iwiri kapena itatu basi. Koma tamvani zomwe kankanena: dzina la mowa, fakitale yomwe yaufulula, nambala ya muyezo, mtengo wake osawerengera botolo (inde, nawonso ankasiya dipoziti ngati ife), ndi manambala m'mphepete pomwe ankacheka posonyeza tsiku lomwe mowawo unathiridwa m'botolo, poti unali mowa wosachedwa kusasa, wongopirira sabata imodzi. Kukongola kunalibepo kwenikweni. Koma kapepalako kankamuuza munthu zomwe ayenera kudziwa asanatulutse ndalama.

Muyezo wanga ndautenga pamenepa, ndipo muli ndi ufulu wonditsutsa. Lebulo yabwino ndi yomwe imalemekeza munthu amene waigwira m'manja. Izioneka ngakhale magetsi atazima kwangotsala kandulo pa kauntala. Izinena zoona za chomwe chili m'katimo. Iziyankhula m'chinenero chomwe munthuyo amamva. Tiyeni tsopano tibwerere kwathu kuno, tiike malebulo athu pa sikelo imeneyi mmodzimmodzi.

Tiyambe ndi Green, poti kwawo ndi ku Ndirande komweku. Fakitale ya Carlsberg ya ku Makata inatsegulidwa mu 1968, ndipo inali yoyamba ya kampaniyi kunja kwa dziko la Denmark. Amene munakulira ku Goliyo kapena ku Chinseu mukulidziwa fungo la chimera chowira lija limabwera ndi mphepo. Dzina lolembedwa pa botololo ndi lakale kuposa mzinda wa Blantyre. J.C. Jacobsen anayambitsa kampaniyi mu 1847 n'kuitcha dzina la mwana wake Carl, kuphatikiza ndi liwu la chinenero chawo lotanthauza phiri. Kalembedwe ka dzinalo, chi C chachikulu chija, zilembo zonenepa zopindika, ndi katsamba ka hops pamwamba pa r, anakajambula mmisiri wina wa ku Denmark, Thorvald Bindesbøll, mu 1904. Chisoti chachifumu chija chimanena kuti mowawu umalowa ku nyumba ya mafumu a ku Denmark. Ngati ntchito ya manja, palibe choinyoza. Zaka zoposa 120 zadutsa, zilembozo sizinakalambe.

Koma tamverani zomwe ife tinachita nayo lebulo imeneyi. Lowani mu bala iliyonse pa Kamba Lachisanu madzulo, mutchere khutu. Simumva munthu akulimbana ndi lilime kuti atchule Carlsberg. Mumva kuti, "Achimwene, tandipatseni girini imodzi yozizira." Dzina la mwana wa Jacobsen tinalisiya pakhomo, tinangotola mtundu wa pepala. Green, Brown, basi zatha. Ndiponso sitinati wobiriwira, poti liwu lathu limeneli limanyamula msipu ndi thambo lomwe, ndiye tinabwereka liwu la Chingerezi n'kulipinda kuti likwane pakamwa pathu. Anzathu a ku Russia anachitanso chimodzimodzi Soviet Union itagwa. Kampani ya Baltika ya ku St Petersburg inaika manambala pa mabotolo ake, ndipo anthu anayamba kuitanitsa mowa potchula nambala yokha, 3, 7 kapena 9. Chodabwitsa n'chakuti Baltika yomweyo inadzakhala m'manja mwa Carlsberg kuyambira 2008 mpaka boma la Russia litailanda mu 2023. Wakumwa ndi mkonzi wankhanza, abale. Amafufuta chilichonse chomwe sichikumuthandiza.

Ndiye Green yakhoza mayeso oyamba. Imaoneka uli patali, ndipo ngakhale agogo osadziwa A amaizindikira. Pa mayeso achitatu ndi pomwe ndili nayo mlandu. Chisoti chija sichikuyankhula za ife. Chikugwira ntchito yomwe chiwombankhanga cha mitu iwiri chinkagwira ku Samara, kumuuza kalaliki wa ku Ginnery Corner amene wangolandira kumene kuti usiku uno nayenso ndi bwana. N'chifukwa chake botolo limaikidwa pa tebulo lebulo itayang'ana kwa anthu. Special Brew ndiye imanyanya: mowa umenewu anaufulula koyamba mu 1950 polemekeza Winston Churchill atakacheza ku Copenhagen, yemwe anakhalapo nduna yaikulu ya dziko lomwe pa nthawiyo linkatilamulira. Mu 2016 Carlsberg inagulitsa gawo lake la kampani ya kuno kwa Castel ya ku France, koma wakumwa wa ku Chilomoni sanasinthe kaitanidwe. Eni ake amasintha m'maofesi, girini ikadali girini.

Tsopano tifike pa lebulo yomwe ine ndimaiika patsogolo pa onse, paketi ya Chibuku. Dzina lokhalo liyenera kukodola gulu ngati lathu lino. Mowawu unayamba kufululidwa m'fakitale m'zaka za m'ma 1950 ku Kitwe, ku migodi ya mkuwa ya dziko lomwe lero ndi Zambia, ndi mzungu wina dzina lake Max Heinrich. Nkhani yomwe imakambidwa ndi yakuti mkuluyu ankalemba m'buku kafululidwe kake konse ndi ndemanga za omwe ankalawa, ndipo dzina linachokera pa buku limenelo. Chi-buku, buku lalikulu. Ndiye mukamva munthu pa Mvula ku Bangwe akuti akukagula Chibuku, dziwani kuti mwina ndi buku lokhalo lomwe ligulidwe m'nyumba mwake mwezi umenewo. Musaseke kwambiri, nkhaniyi ikutikhudza ife olemba.

Malume anga, Mulungu awasunge komwe ali, ankasoka nsapato pafupi ndi msika wa Ndirande. Sukulu analekera sitandade 2. Koma paketi imeneyi ankaiwerenga kuposa mmene ine ndimawerengera nyuzipepala. Pepala loyera, zilembo zofiira ndi zabuluu, mutu wosongoka ngati denga la nyumba, lita imodzi. Mitundu itatu yokha, yosasokonezana, yomwe imawala ngakhale m'thaveni ya babu imodzi. Ankaigwira n'kuifinya pang'ono, kenako ankanunkhiza pa kabowo kapamwamba kaja. "Iwe mphwanga," ankatero, "ichi n'chadzulo, chakhwima. Cha lero chimakhala ngati thobwa." Ankanena zoona. Chibuku cha m'paketi chimapitiriza kuwira chili m'katimo, n'chifukwa chake pali kabowo kotulutsira mpweya kuti paketi isaphulike, ndipo ukali wake umakwera masiku akamapita mpaka chisase. Paketi siibisa zimenezi. Imatupa, imachita thovu pakamwa, imanunkha. Thupi lake lonse ndi lebulo.

Onaninso mawu awiri aja, Shake Shake. Ndi Chingerezi, inde, koma mafupa ake ndi athu. Mngelezi sabwereza mawu chotero. Ife ndi amene timati pang'onopang'ono, msangamsanga, kawirikawiri. Amene anaika mawu amenewa anamvetsera mmene anthu a kuno timayankhulira. Komanso mawuwo sakutamanda mowa kapena kukulonjeza ulemerero. Akungokuuza chochita: masese akhazikika pansi, tseka kabowo ndi chala, khutchumula, ukatero ndiye utsegule. Ndi lebulo yokhala ndi mneni, ndipo wakumwa amaimvera ndi mikono yake iwiri. Mowa ukatha, paketiyo imayamba moyo wachiwiri. Ndi angati pano amene sanakokepo galimoto ya paketi ya Chibuku, matayala ake zitsekerero za mabotolo, chingwe chake luzi? Amayi ena amafesamo mbande za mitengo. Ndi mabuku angati athu omwe anatumikirapo mudzi kawiri chotero?

Koma chikondi chisatitseke maso. Buku lija la Heinrich linalemba nzeru zomwe zinali kale m'mitu ya amayi. Kuviika chimanga, mapira kapena mawere kuti zimere, kuyanika chimera, kusinja, kuphika phala, kudikira kuti liwire, zonsezi agogo athu aakazi ankazichita mumbiya zaka mazanamazana fakitale isanabwere. Dzina la mowawu limakumbukira amene analemba, osati amene ankadziwa. Ife olemba tiyenera kuchita nazo manyazi pang'ono, poti ndi khalidwe lathu lomwe, kutola nthano kwa agogo n'kusainapo dzina lathu. Chachiwiri ndi ichi. Ine amene ndikulemba pano ndinkatumidwa kukagula paketi imeneyi ndili mwana wa pulayimale. Mawu oletsa kugulitsa mowa kwa ana osakwana zaka 18 omwe timawaona pa zakumwa zathu masiku ano amakhala m'tizilembo tating'ono, ndipo kawirikawiri m'Chingerezi. Malume sakanawawerenga. Lamulo lokhutchumula linalembedwa kuti aliyense alimve, koma chenjezo linalembedwa ngati lopita kwa loya.

Masiku ano paketi ili ndi mng'ono wake, Chibuku Super, cha m'botolo la pulasitiki. Kampani ya SABMiller inachiyambitsa ku Zambia mu 2012, kenako chinafika kuno. Ichi amachiphika mwakuti kuwira kuja kumaima, ndiye chimakhala masabata angapo osasasa, chili ndi chitsekerero, sichitayika mu minibasi, ndipo munthu atha kupita nacho kunyumba osanunkhitsa chikwama. Phindu lake ndi loonekeratu, sindingalikane. Koma ngati chojambula, botololi lataya nkhope. Likufuna kufanana ndi mowa wa m'mabotolo, likuchita manyazi ndi thaveni komwe linabadwira. Malume sakanatha kulifinya n'kudziwa tsiku lake. Ndipo moyo wake wachiwiri mukuudziwa: pitani pa mlatho wa Nasolo kapena wa Mudi mvula yoyamba ikagwa mukaone mapulasitiki a zakumwa zamitundumitundu atatsakamira m'miyala. Ku Zimbabwe, chigubu cha pulasitiki cha Chibuku omwa anachitcha Scud, dzina la mizinga ya pa nkhondo ya ku Gulf ya 1991. Apanso mkonzi wankhanza uja anaona mawonekedwe n'kupereka dzina lake.

Pa nkhani ya chinenero, mphoto ndikuipereka kwa Kuche Kuche. Apa palibe chobwereka. Ndi mawu omwe ankamveka kale pa magule, pa maukwati ndi pa maliro: tichezera kuche kuche, mpaka tambala alire. Onjezani mawu ake otsatsira aja, mowa wathu wathu, muona kubwereza komwe kuja kwa Shake Shake, koma tsopano m'chinenero cha mwini wake. Dzinali lili ndi nthabwala yobisika yomwe mwina simunailingalire. Mneni wake ndi womwe uja uli mu Kwacha, mfuu ya pa misonkhano ya Kamuzu, yomwe inadzakhala dzina la ndalama yathu mu 1971. Kwacha ankatanthauza dzukani, usiku watha, kagwireni ntchito. Kuche Kuche akuti musagone, dikirani dzuwa muli ndi botolo m'manja. Liwu limodzi, maulaliki awiri. Ndiye pa mayeso a chinenero yakhoza, koma pa mayeso a choonadi ndikuikayikira, poti dzinalo likulonjeza usiku wonse osatchula za mutu wa mmawa ndi ndalama ya ndiwo.

Akuluakulu pano mukukumbukanso Napolo Ukana. Dzina limenelo linali ndakatulo payokha. Ukana ndi mowa m'Chiyao. Napolo ndi chinjoka cha pansi pa phiri chomwe chikamasamuka chimagumula miyala ndi madzi, monga zinachitikira ku Zomba mu 1946 ndi ku Phalombe mu 1991, chomwe Steve Chimombo anachisandutsa mutu wa ndakatulo zake. Kutcha mowa dzina la chigumula ndi kunena zoona mopanda mantha: ichi chikakulowa chikukokolola. Ndipo musandiuze kuti Amalawi sitisamala za zojambula. Mu 2010 boma litasintha mbendera, kuchotsa dzuwa lofiira lotuluka n'kuikapo loyera lathunthu, dziko lonse linakangana m'maminibasi ndi pa wailesi mpaka mbendera yakale inabwerera mu 2012. Maso tili nawo. Timangosankha poyang'ana.

Nanga mowa wopanda lebulo? Kachasu wa kuseri kwa nyumba ku Ntopwa kapena ku Nthukwa amabwera m'botolo lomwe kale munali china chake. Ngakhale mawu ake ndi obwereka: kachasu anachokera ku liwu la Chipwitikizi la mowa wotcheza, ndipo velemoti, botolo loyezera lija, ndi dzina la chakumwa cha azungu chomwe chinatha kalekale botolo n'kutsala. Lebulo ya kachasu ndi nkhope ya mayi wotcheza. Anthu amati tiyeni kwa mayi ujeni, awo sathira madzi, awo mutu wake ndi weniweni. Sindikuukometsa ayi, kachasu wapha anthu ambiri ndipo palibe amene amayeza ukali wake. Koma pali chinthu chimodzi: akakupweteka, ukudziwa khomo logogoda. Mayiyo amakhala m'mudzi momwemo, amapita ku maliro omwewo, amatunga madzi pa mpope womwewo. Sangabisale kuseri kwa pepala.

Obisala kuseri kwa pepala ndi awa ndikufuna kuwatchula tsopano. Munawaona masacheti asanaletsedwe ndi boma mu 2015, ndipo mukuiona midoli yomwe inalowa m'malo mwake, timabotolo tapulasitiki totchipa tomwe tadzaza m'maokala. Yang'anani malebulo ake bwinobwino. Mayina ake ndi a nkhonya, a liwiro, a ubwana, a zilombo zolusa, onse m'Chingerezi cha m'mafilimu a karate. Mitundu yake ndi ya maswiti. Ena amajambulapo chinanazi kapena zipatso zina zowala ngati juwisi wa mwana wa sukulu. Nambala yofunika kuposa zonse, yonena kuti ukali wa chakumwacho uli cha m'ma 40 pa 100 pomwe Green ili pafupi ndi 5, imakhala pakona m'tizilembo tofuna magalasi. Lebulo yotere yakhoza mayeso oyamba okha. Imaoneka patali, inde, ngati nyambo pa mbedza.

Ndinali ndi msuweni wanga amene ankaitanira minibasi. Mnyamata wanthabwala, wodziwa mawu a nyimbo iliyonse, amene akanakhala membala wa gulu lino akanakhala ndi foni yabwino. Ankayamba m'mawa ndi kamodzi koti achotse kuzizira, masana kena koti mawu atseguke. Tinamuika m'manda asanafike zaka 30, miyendo itatupa, maso ali achikasu. Pokonza m'chipinda chake tinapeza thumba lodzaza timabotolo topanda kanthu, tonse tikumwetulira ndi zipatso zake. Dzina la kampani sinditchula, ndipo sindikunena kuti pepala ndi lomwe linamupha. Koma pepalalo linali ndi mpata womuuza zoona tsiku lililonse, kangapo pa tsiku, m'chinenero chake, ndipo linasankha kumuonetsa chinanazi.

Ndikumva kale ena mukuti, aise, wakokomeza, munthu samwa chifukwa cha lebulo, amamwa chifukwa cha ulova, mtengo wotsika ndi mavuto a pakhomo. Mukunena zoona, ndipo ngakhale titalemba chenjezo m'zilembo zazikulu ngati chikwangwani cha pa Chichiri, ena adzamwabe. Enanso mukuti lebulo yokongola ya mowa ndi yoopsa kuposa yonyansa, ndiye wotsutsa zolemba asamayamikire paketi ya Chibuku ngati kuti ndi chithunzi cha m'tchalitchi. Apanso muli ndi mfundo, Chibuku nachonso chagwetsa mabanja. Koma kampani sizilipira ojambula ndalama zambirimbiri chifukwa cha chifundo. Zimadziwa kuti mtundu, dzina ndi chithunzi zimagwira ntchito pa munthu wotopa amene waima pa okala ndi ndalama yake yomaliza. Ngati eni ake amaiona lebulo kukhala yamphamvu chotero, ife owerenga tilekerenji kuifunsa mafunso omwe timafunsa ndakatulo: ukuyankhula ndi ndani, ukufuna chiyani kwa iye, wabisa chiyani?

Zomwe ndikupempha ndi zazing'ono, ndipo kachidutswa kaja ka ku Soviet Union kanazikwanitsa pa pepala lotchipa. Nambala ya ukali ikhale yaikulu ngati dzina la mowa. Chenjezo la ana ndi la amayi oyembekezera lilembedwe m'Chichewa, ndi m'Chitumbuka ndi m'Chiyao komwe zinenerozi zimayankhulidwa, m'mawu omwe malume akanamva wina atawawerengera. Chithunzi cha chipatso chisaloledwe pa chakumwa chomwe chingagwetse munthu wamkulu ndi kabotolo kamodzi. A bungwe loona za miyezo la Malawi Bureau of Standards ali mumzinda mwathu momwemuno, ndipo ena mwa inu mumagwira ntchito m'makampani otsatsa malonda, ndinu amene mumasankha zilembo ndi mitundu pa kompyuta. Kuche Kuche inaonetsa kale kuti Chichewa chimagulitsa mowa. Chingalepherenso bwanji kuchenjeza?

Pempho lachiwiri ndi la kwa ife tonse. A ku Russia akutha kuwerenga mbiri yawo pa malebulo chifukwa wina anatola n'kusunga pomwe anzake ankataya. Ife timataya zonse. Lebulo ya Brown ya m'zaka za m'ma 1980, paketi ya Napolo, sacheti ya 2014 yomwe mdzukulu wanu sadzakhulupirira kuti inkagulitsidwa pafupi ndi sukulu, zikwangwani zojambula pamanja pa makoma a mathaveni zomwe zikufufutidwa ndi penti ya makampani ndi mabanala osindikiza, zonsezi ndi umboni wa mmene tinkakhalira. Dzina la Bindesbøll likudziwika patatha zaka zoposa 120 chifukwa kwawo amalemba mayina a amisiri awo. Mnyamata wa ku Zingwangwa amene anajambula bambo wonyamula chipanda pa khoma la shabini, n'kusaina pakona ndi nambala yake ya foni, adzakumbukidwa ndi ndani khomalo likagwa? Tili ndi nyumba yosungira zakale pa Chichiri, tili ndi National Archives ku Zomba, tili ndi laibulale ya Society of Malawi ku Mandala. Koma malo amenewa amasunga zomwe anthu abweretsa.

Ndiye ntchito ya sabata ino nayi, ndipo a kwaya simukuthawa, poti kutola si kumwa. Mukamapita ku msika, tolani lebulo imodzi kapena ijambuleni ndi foni. Ngati ili pa botolo, viikani m'madzi ofunda, imatuka yokha, muiyanike pakati pa masamba a buku lakale. Lembani kumbuyo kwake tsiku ndi malo omwe mwaitola. Kenako iwerengeni monga mmene mumawerengera ndakatulo ya mnzanu pano, mopanda chisoni, mutiuze zomwe yanena ndi zomwe yameza. Amene muli ndi agogo omwe anagwirapo ntchito ku Makata kapena m'thaveni ya khonsolo, afunseni mitundu ya mabotolo a nthawi yawo asanapite nazo kumanda.

Ine ndayamba kale. Pa shelefu yanga, pakati pa mabuku a ndakatulo, pali paketi ya Chibuku yotsukidwa bwino, yophwanthidwa, yomwe ndinaitola pafupi ndi pomwe malume ankasokera nsapato. Mlamu wanu anafuna kuitaya kawiri konse. Ndinamuuza kuti limenelo ndi buku lokhalo lomwe malume anandiphunzitsa kuwerenga.